Chiswe chimamanga, sichifuna

Loweruka lililonse m'mawa, ana asanu a Amalawi anzanga amabwera kwathu ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, kuti tikonzekere matiriki, mayeso omaliza sekondale kuno, pa phunziro la zamoyo lotchedwa Life Sciences. Mwezi uno tili pa mutu wa chisinthiko cha zamoyo.

Pali yankho limene ndimakumana nalo chaka ndi chaka: "Nyamalikiti inkafuna masamba a m'mwamba, ndiye khosi linatalika." Amenewa ndi maganizo a mu 1809 a Lamarck, katswiri wa zamoyo wa ku France, ndipo ndimawakhwatcha osazengereza. Kufuna sikusintha majini, timalangizo ta m'thupi timene ana amatengera kwa makolo. Darwin, katswiri wa ku England, m'buku lake la mu 1859, anasonyeza kuti zamoyo zimabadwa kale zosiyana, ndipo zoyenerana ndi malo ndi zimene zimasiya ana ambiri.

Koma dzanja linazolowera mopitirira. Sabata yatha mtsikana wina analemba kuti chiswe chili ndi mbali pa kusintha kwa mtundu wake. Ndinakhwatcha. Anayang'ana pepala lija kwa kanthawi, kenako n'kunena motsitsa mawu: "Pepani aphunzitsi, sindinalembe kuti chiswe chimafuna. Ndalemba kuti chimamanga."

Ndinasowa chonena, chifukwa mwanayo ankanena zoona. Kwathu ku Dedza ndinakulira pafupi ndi chulu. M'kati mwake mumakhala chinyontho ngakhale mu Okutobala kunja kukuotcha, ndipo chiswe chobadwa mawa chidzapeza malo amene anzake anaumba ndi dothi ndi malovu. Malo amene amasankha zamoyo, nthawi zina zamoyozo n'zimene zawakonza. Akatswiri amati niche construction. Darwin yemweyo mu 1881 analemba buku lathunthu la mmene nyongolotsi zimasinthira nthaka. M'nyanja yathu ya Malawi muli nsomba zazimuna zimene zimatuta mchenga ndi pakamwa n'kuunjika timilu, yaikazi n'kumayendera kamulu ndi kamulu isanasankhe. Kusankha kumeneko n'kumene kumanena kuti majini a ndani apite kutsogolo.

Zinandipweteka kuti ndinkagwetsa mwana chifukwa cha mneni, osamva ganizo lake. Tsopano funso ndimaligawa pawiri: chamoyochi chikuchita chiyani, nanga chimene anawo atengera kwa makolo n'chiyani? Amene wasokoneza ziwirizi amaonekera pomwepo.

Mtsikana uja ndinam'bwezera malikisi ake awiri pamaso pa anzake. Loweruka likubwerali aliyense abwera ndi chamoyo chimodzi cha kumudzi kwawo chimene chimasintha malo ake. Mnyamata wa ku Nkhotakota wasankha kale ng'ombe ndi khola lake.