Onse tinkawatchula kuti "adokotala"

Mlongo wanga wamng'ono amanyamula anthu pa njinga kuchokera ku msika wa Kapata, ku Chipata. Atayamba kuchezera usiku wonse akulankhula ndi anthu amene ife sitinkawaona, amalume anati walodzedwa, amama anati ndi chamba. Milungu itatu ndi nkhuku ziwiri zinathera kwa sing'anga. Tsiku limene anavula malaya pakati pa msewu ndinati basi, mawa ku chipatala.

Tinayambira ku kiliniki ya kwathu, poti ku chipatala chachikulu amafuna kalata. Anesi anamuyeza malungo, shuga ndi magazi. Ine mtima unali m'mwamba, ndinati, "Asisita, chavuta ndi mutu!" Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti malungo akafika ku ubongo munthu amabwebwetanso chimodzimodzi, ndipo mankhwala ake ndi ena. Zonse zitatuluka bwino, anatilembera kalata yopita ku Chipata Central Hospital, kumbali ya matenda a maganizo.

Amene anationa kumeneko ndinawapatsa moni kuti adokotala. Anaseka. Anati iwo ndi clinical officer amene anaphunzira za matenda a maganizo zaka 3 ku Chainama, ku Lusaka. Ambiri kuno tikamva Chainama timaganiza za chipatala cha amisala chija chimene chinatsegulidwa mu 1962, osadziwa kuti pambali pake pali sukulu imene yaphunzitsa ambiri mwa anthu otithandiza m'zigawo. Anthu amenewa amayeza, amatchula matenda, amalemba mankhwala, ndipo a khunyu nawonso amawaona iwowo. A clinical officer aja anafunsa mlongo wanga payekha, kenako ine pandekha: anayamba liti, amadya, amamwa mowa, kubanja kwathu alipo anadwalapo chotere? Funso lomalizali linandigwira pakhosi. Agogo aakazi tinkawatsekera m'nyumba, ndipo pakhomo pathu nkhaniyo sitiikamba. Ndinaulula. Ngati mukuperekeza wodwala, nenani zoona zonse, ngakhale za sing'anga ndi zimene anamumwetsa.

Anamugoneka masiku angapo. Apa mpamene ndinaona ntchito ya anesi a matenda a maganizo, amene maphunziro awo ndi osiyana ndi a anesi a ku wodi ya amayi. Tsiku lachitatu khosi lake linauma, dovu lili chuchuchu, manja akunjenjemera. Ndinaimbira amama ndikulira kuti matenda akula. Anesi atangomuyang'ana anati ndi haloperidol, mankhwala amene ankamupatsa, amachita zimenezo kwa ena, anadziwitsa a clinical officer, anamuwonjezera kapiritsi kotchedwa Artane, mawa lake khosi linamasuka. Zikanatichitikira kunyumba tikanataya mankhwala onse m'chimbudzi n'kubwerera kwa sing'anga.

Tinaonananso ndi akaunsala, amene amathandiza pokambirana. Iwo salemba mankhwala. Ndinawapempha kuti atisinthire mapiritsi, anakana mwaulemu, anati imeneyo si mbali yawo. Mbali yawo inali kukhala ndi mlongo wanga n'kukambirana za chamba (amama sananame konse), za manyazi obwerera pa siteji pamene anzake anamuona ali chibadwire, ndi za ife apabanja amene tinayamba kumubisira mipeni iye akuona.

Amalume atamva zonsezi anati tigulitse mbuzi timutengere kwa "dokotala weniweni" ku Lusaka. Ndinakafunsa. Psychiatrist ndi dokotala amene anamaliza udokotala wonse, n'kuwonjezera zaka zina pa matenda a maganizo okha, monga amaphunzitsira ku University of Zambia. M'dziko muno alipo ochepa, ambiri ali ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500 pa Great East Road. Amalandira odwala amene mankhwala akuwakana kapena matenda asokonekera. Psychologist ndi winanso: anaphunzira za khalidwe ndi maganizo a munthu, amayeza ndi kuchiza pokambirana, koma mapiritsi salemba. Wathuyo anali atayamba kale kugona ndi kudya, ndiye mbuzi zinapulumuka.

Chimene ndinachita ndekha, poti anthu odzitcha akatswiri achuluka pa Facebook, n'kufunsa kumene munthu analembetsa. Madokotala ndi ma clinical officer amalembetsa ku Health Professions Council of Zambia, anesi ali ndi bungwe lawolawo. Wodziwa ntchito sakwiya ukamufunsa. Lamulo nalo linasintha: Mental Health Act ya 2019 inalowa m'malo mwa lakale la 1949, ndipo limati wodwala ali ndi ufulu wouzidwa za chithandizo chake. N'chifukwa chake potuluka anafotokozera iye mwini, ine ndili chete pambali, kuti asankhe mapiritsi a tsiku ndi tsiku kapena jekeseni ya pamwezi.

Anasankha jekeseni. Tsiku lake ndinalilemba pa kalendala ya kutchalitchi imene ili pabalaza, ndipo amapita yekha pa njinga yake yomweyo. Mwezi watha anabwerako mochedwa, akuti pobwerera anapeza kasitomala wa ku Mchini.