Mawu othokoza: pulani ya nyumba zosungiramo katundu ku Kasungu yavomerezedwa

M'malo mwa banja lathu, ndikufuna kuthokoza pagulu anthu onse amene anatigwira dzanja kufikira tsiku lomwe khonsolo ya tawuni ya Kasungu inavomereza pulani yathu yomanga nyumba zosungiramo katundu pa puloti yathu ya kudera la mafakitale. Kalata ya chilolezo ili m'manja mwathu tsopano, ndipo mitima yathu yakhala pansi.

Kwa inu amene mwakhala mukufunsa, tikufuna kumanga zipinda zobwereketsa, zazikulu ndi zazing'ono, zomwe munthu azilipira pamwezi, n'kuikamo katundu wake, n'kukhoma ndi loko wake, kiyi n'kumasunga yekha. Maganizowa anabwera chifukwa cha zomwe tonse timaona kuno nyengo yokolola ikafika. Fodya ali ndi njira yake yopitira ku msika wa Chinkhoma, koma mayi wogula mtedza ku Santhe kapena ku Chamama amaunjika matumba ake pakhonde n'kuwafunditsa pepala lapulasitiki, ena mpaka kuchipinda chogona ana. Chinyezi chikalowa mtedza umachita chuku, chimanga anankafumbwe amachifumbula, ndipo ambiri amagulitsa msanga pa mtengo wolira chabe chifukwa chosowa posunga. Ogulitsa mabelo a kaunjika ndi makalabu a alimi a soya nawonso vuto lawo ndi lomweli.

Ndiyambe ndi akuluakulu oona za mapulani a zomangamanga. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 silola munthu kumanga m'tawuni popanda chilolezo, ndipo ife taona ndi maso kuti kuunika kwawo si mwambo chabe. Anabwera pamalopo, anayenda mpaka kumunsi kwa puloti komwe madzi amadikha, ndipo anatiuza kuti ngalande zikulitsidwe kuti madzi ochokera pa malata athu asamakasefukire kwa anzathu oyandikana nawo. Anatilangizanso kuti geti lisunthidwe n'cholinga choti lole izitha kutembenukira mkati osatseka msewu, kuti pakhale zida zozimitsira moto, komanso kuti zipinda za feteleza ndi mankhwala a mbewu zitalikirane ndi zipinda za zakudya. Kujambulanso pulani kunatidyera ndalama ndi nthawi, koma ndikunena mosabisa kuti pulani yomwe yavomerezedwayi ndi yabwino kuposa yomwe tinapereka poyamba. Zikomo kwambiri, mabwana.

Kudikira sikunali kophweka. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera kwambiri moti ndalama zomwe tinasunga zinangokwanira gawo lochepa la ntchitoyi, pomwe ngongole inali ikubala chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi. Apa ndi pomwe ndikuthokoza amayi a gulu lathu la banki m'khonde, amene anatipirira pa nthawi yomwe kubweza kunavuta. Amalume, inu munagulitsa ng'ombe zanu kuti tilipire woyeza malo ndi wojambula pulani, ndipo simunatikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi. Mulungu akubwezereni mowirikiza. Mayi a kunyumba, munasenza banja ndi geni yanu ya mumsika pamene ine ndinkangokhalira kuyenda ndi mapepala, ndipo mawu anga ndi ochepa poyerekeza ndi zomwe munachita.

Sindingaiwale anzathu oyandikana nawo, a chigayo ndi amakaniko a pagalaja, amene anali ndi nkhawa zomveka za fumbi, makoswe ndi magalimoto akuluakulu. Munabwera ku zokambirana, munayankhula zakukhosi pamaso pathu m'malo motinena kumbali, ndipo titagwirizana munatiikira umboni. Zomwe tinalonjeza, monga kuthira madzi pa nthawi yomanga ndi kusamala ukhondo wa pamalopo, tidzazikwaniritsa, ndipo tikadzazembapo mudzatidzudzule. Akhansala a dera lathu ndi mafumu amene anatitsogolera pa zokambiranazi, landirani ulemu wathu.

Ntchito yokumba maziko iyamba mvula ikangokata. Tidzamangira mabuloko a simenti osati njerwa zootcha, potsatira malamulo oteteza mitengo, ndipo tidzayamba ndi mzere umodzi wa zipinda malinga ndi ndalama zomwe zilipo. Amisiri ndi aganyu tidzawalemba a konkuno ku Kasungu, ndipo tsiku lolembera tidzalengeza kudzera kwa mafumu ndi akhansala.