Ntchito yathu yosanthula mayankho okhala ndi masitepe

Pa bizinesi yathuyi tilipo awiri. Poyamba tinkangolowetsa mu kompyuta mayankho a mafomu a kafukufuku, ndipo mafomu ambiri ankakhala ndi funso ngati ili: mwakhutira bwanji ndi thandizo lomwe mwalandira? Woyankha ankasankha limodzi mwa mayankho asanu, kuyambira "sindinakhutire m'pang'ono pomwe" mpaka "ndakhutira kwambiri". Eni kafukufuku ankangowapatsa manambala 1 mpaka 5, n'kupeza avereji, basi. Zimenezi zinkatiwawa mumtima. Ndani anayeza n'kupeza kuti mpata wa pakati pa 1 ndi 2 ndi wofanana ndi wa pakati pa 4 ndi 5? Chodziwika n'chakuti yankho ili lili pamwamba pa linzake, koma kukula kwa mipatayo palibe akukudziwa.

Apa m'pomwe tinaona mwayi. Tinasiya zolowetsa mayankho, n'kuyamba kusanthulira anthu pogwiritsa ntchito ordinal logistic regression, njira yosanthulira mayankho okhala ndi masitepe ngati amenewa, makamaka mtundu wake wa proportional odds womwe katswiri wa ziwerengero Peter McCullagh anaufotokoza mu 1980. Mayankho akakhala asanu, kompyuta imapeza malire anayi owalekanitsa, koma chinthu chilichonse, kaya zaka za munthu kaya nthawi yomwe wadikira pamzere, chimapatsidwa nambala imodzi yokha yosonyeza mphamvu yake pa yankho. Ndiye kuti tikuganizira kuti mphamvu yake ndi imodzimodzi pa malire onse anayiwo. Ganizo limeneli timaliyesa ndi mayeso a Brant, a mu 1990, ndipo likakanika timasamukira ku lamulo la gologit2 mu Stata kapena la clm mu R (Stata ndi R ndi mapulogalamu a pa kompyuta osanthulira ziwerengero), omwe amalola kuti mphamvuyo isiyane pa malirewo.

Kulemba lamulo loyendetsera njirayi, la ologit mu Stata kapena la polr mu R, n'kwa kamphindi. Chomwe makasitomala amatilipirira ndi maso. Mwachitsanzo, mukalowetsa mu R mayankho akuti "pang'ono", "pakati" ndi "kwambiri" osaiuza ndondomeko yake, iyo imawasanja motsatira afabeti: kwambiri, pakati, pang'ono. Masitepe atembenuka, zizindikiro za manambala (+ ndi -) nazonso zatembenuka, ndipo kompyuta sidandaula ngakhale pang'ono. Wina anabwera atalemba kale kuti kudikira nthawi yaitali kumawonjezera kukhutira kwa odwala. Vuto linali lomweli. Pulogalamu ina ya SAS nayo, ukapanda kuiuza zina, imawerengera mwayi wa mayankho a m'munsi, pomwe Stata imayang'ana a m'mwamba, choncho manambala awo amatsutsana zizindikiro pa kafukufuku yemweyo.

Lipoti lathu sitilidzaza ndi ma odds ratio okha, manambala oyerekezera mwayi wa gulu lina ndi wa linzake, chifukwa ambiri amawamva molakwika. Timaonetsa kuti mwa odwala 100 odikira pang'ono ndi angati anganene kuti "ndakhutira kwambiri", ndipo mwa 100 odikira nthawi yaitali ndi angati. Yankho lina likasankhidwa ndi anthu ochepa kwambiri, timayamba takhala pansi ndi mwini kafukufuku, agwirizane nazo, tisanaliphatikize ndi loyandikana nalo.