Ulendo wa ku Likuni kukaona make wa kagalu

Chaka chatha ndinagula kagalu m'mbali mwa msewu wa M1, kwa mnyamata amene ankakakweza m'mwamba kuti odutsa pagalimoto akaone. Anati ndi German Shepherd. Mtengo unali wotsika, ana kunyumba anali atandiumiriza kwa nthawi yaitali, ndiye sindinafunse zambiri. Patangotha masiku asanu kanayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba zamagazi. Dokotala wa ziweto anati ndi parvo, matenda oopsa a agalu, komanso kanachotsedwa kubere kasanakwane masabata 6. Tinakakwirira kuseri kwa nyumba, mwana wanga wamkazi akulira. Adokotala anatiuza kuti tidikire kaye, chifukwa kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri.

Loweruka lapitali ndinanyamuka ku Area 25 m'mamawa, minibasi mpaka kudepoti, ina ya ku Likuni kudutsa ku Chinsapo, kenako kabaza wa njinga yamoto m'kamsewu kafumbi. Ndimapita kwa mayi wina wogulitsa tiagalu amene mnzanga wa kutchalitchi anandilozera.

Ndisanatchule n'komwe za mtengo, anati, "Bwerani kaye mudzaone make." Galu wamkazi wonenepa bwino anali chigonere pansi pa mtengo wa mango, tiana tinayi tikulimbirana bere. Anadzuka, n'kundinunkhiza nsapato, n'kubwerera. Mayi aja ananyamula kamodzi, n'kukatembenuza kuti ndione kumimba: kopanda nthata, kosatupa ngati kaja ka pamsewu. M'makutu munalibe nkhupakupa ngakhale imodzi. Kenako anatulutsa timakadi ta katemera m'jumbo, kagalu kalikonse ndi kake, masiku a mankhwala a njoka zam'mimba atalembedwa ndi bolopeni.

Ndiye mafunso anatembenukira kwa ine. "Achimwene, muli ndi mpanda? Masana kazikhala ndi ndani? Mukakamangirira pa tcheni, ine sindikugulitsani." Ndinawafotokozera za kagalu kanafa kaja. Anapukusa mutu, n'kunena kuti pamenepo katemera asaphonye ngakhale mmodzi, ndipo kasamatuluke kumsewu mpaka atatha. Wa chiwewe ndi pa miyezi itatu. Uyu ndiye anabwereza kawiri, poti chiwewe chimapha ndi anthu omwe, makamaka ana.

Mtengo wake unandiuma m'thumba, sindibisa. Kwa amene sangakwanitse, a bungwe losamalira nyama la LSPCA ku Lilongwe amasunga agalu osowa eni ndipo amawapereka kwa ofuna kuwalera. Koma ine mtima unali utakhazikika pa kamkazi kofiirira kamene kanandiluma chala.

Ndinapempha kuti ndikatenge tsiku lomwelo. "Ayi bambo, kali ndi masabata 6 okha. Kayamwe mpaka 8." Ndinasiya theka la ndalama, n'kukwera kabaza chimanjamanja. Kunyumba mwana wanga wachapa kale bulangete lakale, ndipo akuwerenga masiku pa kalendala ya kukhitchini.