Momwe ndimakonzera Ludo ya pa foni kuti anthu anayi asewere mpaka kumapeto

Ludo ya pa foni ikathera panjira, kawirikawiri wolakwa sakhala dayisi. Chimakhala kuti wina ali ndi pulogalamu yakale, wina foni yake yadula intaneti pofuna kusunga batire, kapena anthu ayamba kusewera aliyense ali ndi malamulo ake m'mutu. N'chifukwa chake ndikafuna kusewera ndi anthu atatu amene ali kutali, ndimakonza zinthu zingapo dayisi isanaponyedwe.

Choyamba ndi kusankha pulogalamu imodzi. Mu Play Store ndi mu App Store muli ma Ludo ambirimbiri a mayina ndi zizindikiro zofanana, ndipo chipinda chimene mwatsegula mu pulogalamu ina sichipezeka mu inzake. Choncho sindiuza anthu dzina lokha. Ndimatsegula tsamba la pulogalamuyo, ndikudina Share, ndikuwatumizira linki yeniyeniyo. Ndimaonanso dzina la kampani pansi pa dzina la masewerawo. Mwachitsanzo, Ludo King ndi ya kampani ya Gametion ya ku India, inatuluka mu 2016, ndipo wa Android ndi wa iPhone amatha kukumana m'chipinda chimodzi. Wina akati ali nayo kale, ndimamupempha aone ngati pali Update. Fayilo ya APK (yoikira pulogalamu pa Android) yopatsirana foni ndi foni ndimaikana: nthawi zambiri imakhala yakale, seva (kompyuta ya kampani imene imalumikiza osewera) imatha kuikana, komanso simudziwa chimene wina anaikamo.

Pulogalamu ikatseguka koyamba imafunsa zilolezo. Masewera a dayisi safuna ma SMS anu kapena mndandanda wa manambala a anthu, choncho izi ndimakana. Maikolofoni ndimalola pokhapokha ngati tikufuna kumalankhulana m'kati mwa masewerawo. Kenaka pamabwera funso la akaunti, ndipo apa anthu ambiri amathamangira Guest chifukwa n'kwachangu. Akaunti ya Guest imakhala pa foni yomweyo basi. Mukachotsa pulogalamuyo, kapena kudina Clear data, makoini (ndalama za m'masewerawo) ndi mbiri yanu zimapita. Ine ndimalumikiza ndi Google, Apple kapena Facebook, malinga ndi zimene pulogalamuyo ikulola. Nthawi yomweyo ndimalowa mu Settings ya Play Store ndikuyatsa zoti izifunsa pasiwedi kapena chala pa kugula kulikonse, chifukwa batani logulira makoini limakhala pafupi kwambiri ndi malo amene chala chimazolowera kudina. Mapulogalamu amene amati ikani ndalama zenizeni kuti mupambane ndalama ndimawapewa. Imeneyo ndi juga, ndipo si zimene tasonkhanira.

Kenaka foni yeniyeniyo. Android imagoneka pulogalamu imene siili pa sikirini pofuna kusunga batire, ndiye munthu akangotuluka kukayankha uthenga, pobwerera amapeza kompyuta yamusewerera kapena wachotsedwa. Ndimalowa mu Settings, Apps, ndikusankha masewerawo, pa Battery ndikuika Unrestricted. Pa mafoni ena mawu ake ndi osiyana pang'ono koma amakhala pomwepo. Battery saver ndimazimitsa. Ndimasankhanso njira imodzi ya intaneti: ngati Wi-Fi ndi yofooka ndimaizimitsiratu, chifukwa foni ikamadumpha kuchoka pa Wi-Fi kupita pa data, adiresi yake ya pa intaneti imasintha ndipo seva imaona ngati mwatuluka. Pa mafoni amene VoLTE (njira yoimbira foni pa 4G) siikugwira, munthu akakuimbirani netiweki imatsika kuchoka pa 4G kupita pa 3G kapena 2G, ndipo pa 2G data imaima mpaka mutadula. Tsiku ndi nthawi ndimazisiya pa Automatic, pakuti wotchi yolakwika kwambiri imalepheretsa kulowa mu akaunti. Za data musadandaule nazo kwambiri: kusuntha tokeni (kanthu kamene mumayendetsa pa bolodi) n'kauthenga kochepa. Chimene chimadya bandulo ndi mavidiyo otsatsa malonda.

Tsopano malamulo, ndipo apa m'pamene ndimachedwapo. Ludo inachokera ku pachisi, masewera akale a ku India, ndipo inalembetsedwa ku England m'zaka za m'ma 1890. Kuyambira pamenepo nyumba iliyonse yakhala ikusewera mwa njira yake. Pa tebulo mumatha kukambirana. Pa foni pulogalamu ndiye woweruza ndipo simva madandaulo. Choncho ndimasewera kamodzi ndi kompyuta, intaneti ili yozimitsa, kuti ndione mayankho a mafunso awa. Kodi tokeni imatuluka ndi 6 yekha? Kodi ukadya mnzako umaponyanso? Nanga tokeni ikafika kumudzi? Kodi matokeni awiri a munthu mmodzi akakhala bokosi limodzi amatseka njira, kapena anthu amangodutsa? Kodi 6 akabwera katatu motsatizana chimachitika n'chiyani? M'mapulogalamu ambiri 6 wachitatu amathetsa ulendo wako. Funso lotseka njira ndi limene limayambitsa mikangano kwambiri, chifukwa ambiri anazolowera lamuloli pa bolodi ya pepala pomwe mapulogalamu ena alibe. Ndikapeza mayankho ndimawalemba mu uthenga umodzi ndikutumizira onse. Ndimanenanso ngati tikusewera Classic, pomwe matokeni onse anayi ayenera kufika, kapena mtundu wachidule.

Kutsegula chipinda n'kosavuta. Ndimadina Play with Friends, kenaka Create, ndikusankha mtundu wa masewera ndi makoini olowera. Ndimasankha ochepetsetsa, chifukwa aliyense ayenera kukhala ndi okwanira, ndipo watsopano amakhala ndi ochepa. Pamatuluka nambala ya chipinda. Ndimaitumiza ndi batani la Share lomwe lili pomwepo ndipo sinditseka pulogalamuyo, popeza mwini chipinda akatuluka nambalayo imatha kufa. Enawo amadina Join ndikulemba nambalayo. Ikakana, ndimayang'ana zinthu zitatu motsatana: kodi walemba bwino, kodi pulogalamu yake ndi yatsopano, kodi makoini akukwana. Start sindidina mpaka mayina onse anayi ataoneka, chifukwa masewera akayamba wochedwa salowanso.

Pa bolodi pali mabokosi 52 ozungulira. Malo oyambira a osewera amatalikirana mabokosi 13, ndipo m'mapulogalamu okhala ndi nyenyezi, nyenyezi imakhala mabokosi 8 kuchokera poyambira. Malo otetezeka, pomwe tokeni siidyedwa, onse amakwana 8: oyambira anayi ndi nyenyezi zinayi. Tokeni ikatuluka imayenda masitepe 56 kuti ifike kumudzi. Dayisi imapereka pafupifupi 3.5 pa kuponya kulikonse, ndiye tokeni imodzi imafuna kuponya pafupifupi 16, ndipo zinayi zimafuna 64, osawerengera kudikira 6, kudyedwa, ndi kudikira nambala yeniyeni pakhomo. Mukachulukitsa ndi anthu anayi muona chifukwa chake Classic si ya munthu amene batire yake ili pa 12 peresenti.

Masamu omwewo amandithandiza posankha tokeni yosuntha. Mdani akakhala kumbuyo kwanga pa mtunda wa bokosi 1 mpaka 6, mwayi wake wondidya ndi umodzi pa 6, kaya ali pafupi kapena patali. Akakhala ndi matokeni awiri kumbuyo kwanga pa mitunda yosiyana, mwayiwo umakhala umodzi pa 3. Koma ndikakhala mabokosi 7 mpaka 12 patsogolo pake, ayenera kupeza 6 kenaka nambala yoyenera, zomwe ndi mwayi umodzi pa 36. Choncho pakasowa nyenyezi, ndimathamangitsa tokeni kuti ipitirire mabokosi 6 amenewo. Ndipo pakati pa matokeni awiri amene ali pangozi, ndimapulumutsa imene yayenda kwambiri, chifukwa kudyedwa pa sitepe 45 n'kutaya maulendo pafupifupi 13. Ndikapeza 6 ndili ndi tokeni imodzi yokha panja, ndimatulutsa ina, kuti dayisi ikabwera moipa ndikhale ndi posankha. Kumbukiraninso kuti pa intaneti ulendo uliwonse uli ndi wotchi ya masekondi ochepa. Ndimawerenga mabokosi pamene ena akusewera, osati nthawi yanga ikafika.

Pakapita nthawi wina amanena kuti dayisi ikukondera. Mawu amenewa ndimawatenga mozama, chifukwa akalowa m'mitima ya anthu masewera amatha kukoma. Pa foni palibe chinthu chogubuduzika. Pulogalamu imatulutsa nambala pogwiritsa ntchito masamu osankha mwachisawawa, ndipo dayisi yozungulira pa sikirini ndi chithunzi chabe. Kudina mwamphamvu, kudikira, kapena kugwedeza foni sikusintha kanthu. Tsono onani zimene dayisi yachilungamo imachita. Mwayi wosapeza 6 pa kuponya 6 motsatizana ndi pafupifupi 33 peresenti, kutanthauza munthu mmodzi pa atatu. Pa kuponya 10 ndi pafupifupi 16 peresenti. Mukakhala anayi, mwayi woti mmodzi wa inu akhale m'nyumba maulendo 10 osatuluka ndi pafupifupi theka. Ma 6 atatu otsatizana ndi mwayi umodzi pa 216, koma masewera amodzi amakhala ndi kuponya mazana angapo, choncho kuwaona si chodabwitsa. Wokayikirabe ndimamupempha alembe manambala 120 otsatizana papepala, osasankha. Nambala iliyonse iyenera kubwera pafupifupi ka 20, ndipo chilichonse cha pakati pa 12 ndi 28 n'chachizolowezi. Mutu umasunga tsiku limene unadyedwa pakhomo, ndipo umaiwala maulendo ambiri amene mdani anakuphonya. Pepala limasunga zonse.

Masewera akaima pakati, sinditseka pulogalamu msanga. Ndimadikira kaye kuti iyese kulumikizananso yokha. Ikakanika ndimayatsa Airplane mode kwa masekondi asanu ndikuzimitsa, kuti foni igwire netiweki mwatsopano. Kutseka ndi kutsegulanso kumabwera pambuyo pa zimenezi, ndipo kuyenera kuchitika mwachangu, chifukwa wophonya maulendo angapo motsatizana amachotsedwa. Pulogalamu ikamachedwa kapena kudzitseka yokha, ndimatseka mapulogalamu ena otseguka ndikudina Clear cache masewera atatha. Clear data ili pambali pake pomwepo, koma imafufuta zonse zimene masewerawo anasunga pa foni, ndiye wa Guest asaikhudze.

Ngati tonse tili malo amodzi, zambiri mwa izi zimagwa. Ndimasankha Pass and Play, foni imodzi pakati, intaneti yozimitsa, ndipo nthawi yozimira sikirini ndimaikweza kufika mphindi 5 kapena 10.

Gulu limene netiweki imavuta tsiku ndi tsiku ndimalisamutsira ku masewera odikirana, amene munthu amasuntha nthawi imene wapeza mpata. Pa Lichess, yomwe ndi yaulere ndipo ilibe zotsatsa malonda, chess ya Correspondence imapatsa munthu tsiku 1 mpaka masiku 14 pa kusuntha kumodzi. Board Game Arena imatseguka mu Chrome kapena Safari popanda kuika kanthu pa foni, ili ndi masewera mazanamazana kuphatikizapo backgammon ndi Catan, ndipo potsegula tebulo mumasankha Turn-based m'malo mwa Real-time. Masewera ena otchuka kumeneko amafuna kuti wotsegula tebulo akhale ndi akaunti yolipira, koma enawo amalowa ndi yaulere.   Chofunika kuyatsa pa masewera odikirana ndi Notifications, apo ayi anzanu amadikira masiku awiri munthu amene sakudziwa kuti nthawi yake yafika.