Lachitatu ku Ngabu: Mkangano wa pa Foni

Lero kwatentha kuyambira m'mamawa, monga mmene kumakhalira kuno kuchigwa cha Shire mwezi wa Okutobala, ndipo pa gulu lathu la WhatsApp, momwe muli anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje pamodzi ndi ana akuno omwe akukhala ku Blantyre, Lilongwe ndi Johannesburg, pabuka mkangano umene watha tsiku lonse.

Nkhaniyo inayamba bwino. Mkulu wina wa ku Lilongwe analemba kuti mvula isanayambe boma lisamutse mokakamiza mabanja onse okhala m'malo osefukira madzi, ndipo okana awatumizire asilikali, chifukwa zimene zinachitika pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 siziyenera kuchitikanso. Mnyamata wina wa ku East Bank anayankha kuti anthu sakakamira kumadimba chifukwa chouma mutu, koma chifukwa chakuti chimanga, mbatata ndi nyemba zimene amadya zimachokera m'dothi lomwe madziwo amasiya, pomwe kumtunda kumene amauzidwa kuti apite kulibe munda wawo. Onse awiri anali ndi mfundo zomveka. Koma pofika masana panalibenso wotchula madimba, aliyense anali kufunsa mnzake chipani chimene amatsatira, uyu akuti ndiwe kadeti, uyo akuti unadya za boma lapitalo. Mnyamata uja anapsa mtima n'kulemba mawu achipongwe onena atsogoleri, woyang'anira gulu anamuchotsa, ndipo munthu wina analengeza monyadira kuti wajambula uthengawo ndipo akausiya kupolisi.

Chimene chandikhumudwitsa n'chakuti anthu ameneŵa ndimawadziwa, ndipo ndikukumbukira zimene ankalemba kale. Mu Epulo 2020, boma la a Peter Mutharika litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha Covid-19, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linakatenga chiletso kubwalo lalikulu la milandu, ndipo ena mwa amene ankatamanda woweruza Kenyatta Nyirenda nthawi imeneyo ndi omwe anadzayamba kunena kuti makhoti amasokoneza ntchito za boma a Lazarus Chakwera atapambana chisankho cha pa 23 Juni chaka chomwecho. Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chitabwezera a Mutharika pampando, magulu awiriwa angosinthana mawu. Amene ankalirira ufulu wolankhula tsopano akufuna apolisi, ndipo amene ankati boma lilemekezedwe ndiwo akutchula ndime za malamulo.

Madzulo dzuwa litapepa ndinapita kukaona amalume, omwe anapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo nditawawerengera mauthengawo anangopukusa mutu. Anati: "Mphwanga, anzakowo sanamvepo za a Gwanda?" Anali kunena a Gwanda Chakuamba, mwana wa ku Nsanje, omwe pa nthawi ya Kamuzu anali nduna yoopedwa komanso mkulu wa apayoniya, koma boma lomwelo linawamanga mu 1980 pa mlandu wofuna kuukira, n'kuwagamula zaka 22, ndipo anatuluka mu 1993, chaka cha riferendamu. Mu 2005 apolisi anawagwiranso chifukwa cha zimene analankhula pamsonkhano zokhudza a Bingu wa Mutharika, atangochotsedwa kumene pa unduna m'boma lomwelo. Amalume anati munthu wa kuchigwa kuno safunika kupita kutali kuti amvetse mwambi wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, popeza unyolo umene munthu amauyamikira uli m'manja mwa chipani chake sutayidwa chipanicho chikagwa.

Tinakambirananso za malamulo enieniwo, omwe pa gulu paja aliyense amawatchula koma ochepa ndi amene anawawerenga. Ndime 35 ya malamulo oyendetsera dziko lino imapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula zakukhosi, ndime 38 imalola kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, ndipo ndime 42 imati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ngakhale pamene dziko lili pa chiopsezo chachikulu, ndime 45 silola mtsogoleri wa dziko kuimitsa ufulu wa anthu payekha: afunika chilolezo cha komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo, lamulo loimitsa ufuluwo silipitirira masiku 21 aphungu asanaliwonjezere, ndipo pali maufulu ena, monga wokhala ndi moyo ndi wosazunzidwa, omwe sakhudzidwa m'pang'ono pomwe. Kulengeza kuti dera lagweredwa ngozi, monga zinachitikira m'chigawo chakumwera pa nthawi ya Freddy, ndi chinthu china, chimene cholinga chake chachikulu n'kufulumizitsa thandizo.

Za kupolisi kuja, mu 2022 aphungu anachotsa m'malamulo mlandu wonyoza mtsogoleri wa dziko, komabe lamulo la za intaneti la mu 2016 likadalipo, ndipo anthu akhala akumangidwa nalo chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi WhatsApp. Choncho kuopseza kwa wojambula uthenga uja sikunali nthabwala. Ine mawu a mnyamatayo sindinawakonde, ndipo akanakhala mng'ono wanga ndikanamudzudzula, koma chipongwe chimathera pa kudzudzulana ndi kupepesa, osati m'chitolokosi cha apolisi.

Nditabwerera kunyumba ndinaimbira woyang'anira gulu, yemwe ndi mnzanga wa kusukulu, kumupempha kuti amubwezere mnyamatayo akapepesa. Wavomera monyinyirika, n'kunena kuti iye watopa ndi kuweruza milandu ya anthu akuluakulu pa bandulo yogula yekha. Wojambula uthenga uja sanayankhe foni. Mnyamatayo wabwerera cha m'ma 8 koloko usiku, wapepesa m'mizere iwiri, kenako wafunsa mkulu wa ku Lilongwe uja kuti malo akumtundawo adzapereke ndi mfumu iti, ndiponso kuti mjigo ndi sukulu zidzayamba kufika ndi anthu kapena pambuyo pawo. Pamene ndikulemba pano ayankhapo anthu awiri okha, ndipo mmodzi mwa iwo wangomufunsa kuti anavotera ndani.