Gasi wotsala mu silinda nayenso amawerengedwa

Sabata yatha ndatsala pang'ono kutaya kasitomala chifukwa cha silinda imodzi basi. Ine ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo kuno ku Luwinga, makina anga ndi a MIG (owotcherera ndi waya, gasi n'kumateteza powotchapo ku mpweya wakunja) ndipo gasi wake ndi wosakaniza, argon 75 peresenti, CO2 (carbon dioxide) 25 peresenti. Silinda itabwera kuchokera kodzazitsa moto sumalowa bwino mu chitsulo, zowotcherazo zimangokhala pamwamba ngati phala, mpaka ndinayamba kukayikira waya.

Ndiye ndinakhala pansi ndi kope. Lamulo la magasi osakaniza ndi la wasayansi John Dalton la mu 1801, loti presha yonse ya mu silinda ndi kuphatikiza kwa presha ya gasi aliyense payekhapayekha. Silinda yanga inapita ili ndi 40 bar yotsala (bar ndi muyeso wa presha), kutanthauza kuti 10 inali ya CO2, 30 ya argon. Kuti ifike 160 bar mulingo osasintha pamafunika CO2 40 ndi argon 120, ndiye woonjezera ndi 30 ndi 90. Koma munthu akangothiramo argon yekha mpaka 160, CO2 ikhalabe 10 yomwe ija, 10 pa 160 ndi 6.25 peresenti chabe, pomwe geji yoyezera presha ikuonetsa kuti silinda yadzadza bwinobwino. Ndikukhulupirira ndi zomwe zinandichitikira ine.

Ndipotu CO2 ndi wovuta abale. Mu silinda yake amakhala wamadzimadzi, pa madigiri 20 presha yake ndi pafupifupi 57 bar, ndiye sangakankhe silinda yochoka pa 40 kufika pa 70 (40 kuphatikiza 30 ya CO2 ija) popanda pampu. N'chifukwa chake odziwa ntchito amayamba apungula kaye gasi yense wakale, kulowetsa CO2, argon pambuyo. Komanso CO2 amapanikizika kuposa argon, amalowa wambiri kuposa momwe geji ikunenera, mwakuti sikelo ndiyo yodalirika. Kwina ndi kutentha, podzaza silinda imafunda presha n'kukwera, ikazizira imatsika, nanji kuzizira kwa June kuno ku Mzuzu, ukawerenga geji mwaphuma masamu onse asokonekera.

Anzanga a m'mashopu chonde musayesere kusakaniza nokha ndi mapaipi a kunyumba, 160 bar imapha munthu. Ine pano ndisanatumize silinda ndimalemba presha yotsala ndi choko pambali pake, ndipo ndimawauza mosabisa kuti achimwene mupungule kaye musanadzaze.